Nsanamira ya kozolec yawola kunsi, ndiidula bwanji osagwetsa denga?

WaMatabwa: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndili ku Slovenia, chigawo cha Dolenjska, bwana wandisiyira ntchito ya mlimi wina nkuchokapo. Ndi kozolec, choyanikapo udzu wa ng'ombe: nsanamira za oak (mtengo wolimba wa kuno) mundondomeko, mitengo yopingasa yodutsa m'mabowo a nsanamirazo, kadenga pamwamba. Si ya mizere iwiri ija amati toplar, ndi ya mzere umodzi. Nsanamira yapakati yawola kunsi, tchizulo chikungolowa ngakhale osamenya hamala, ndipo chonsecho chapendekeka. Kuizula sikutheka pokhapokha nditasolola yopingasa yonse mbali ziwiri. Mwiniwake akufuna ithe asanayambe kumweta kumapeto kwa May. Ndiike jeke, ndidule, ndilumikize? Jointi yanji?

Mkulu_wa_Denga: Achimwene musazunzike. Kumbani mozungulira, pakani oyilo wakuda, thirani konkire. Basi.

Levulo77: Ayi bambo, konkire yokuta mtengo imasunga madzi, iwola msanga kuposa pano. Chidutswa chatsopano chikhale PAMWAMBA pa mwala kapena konkire, osati mkati. Komanso kumeneko nthaka imaundana nthawi yozizira nkumatukula maziko osaya. Funsani eni dera kuti amakumba kufika pati.

MayiWaSowo: Jeke yekha musamukhulupirire. Ife ku Mchinji tinakweza chigafa ndi jeke wa galimoto, fodya ali momwemo, mwini kukana kutsitsa ati achedwa ku okushoni. Kamphepo kanangobwera, jeke nkuterereka, mapaso onse pansi, mnyamata wathu phewa mpaka lero silikwera bwino. Ndalama yathu sanatipatsenso. Yanuyo ndi yoopsa kuposa chigafa poti ndi mzere umodzi, ilibe poyedzamira. Chirikizani mbali zonse ziwiri musanakhudze sowo, ndipo pasakhale udzu ngakhale mtolo umodzi.

Mkulu_wa_Denga: Oyilo wakuda chiswe sichiyandikira. Ndagwira ntchitoyi ena mwa inu musanabadwe.

WaMatabwa: Chiswe kuno sindinachione bambo, ndi chinyezi. Ndipo oyilo pafupi ndi chakudya cha ng'ombe za mkaka, mlimiyo angandithamangitse.

Levulo77: Jointi dulani yotsetsereka yaitali yokhala ndi mano, pamwamba penipeni pa polekezera kuwola, ndipo mulumikize oak ndi oak youma. Misomali wamba ayi, oak imadya chitsulo nkudetsa thabwa. Zikhomo zamtengo kapena mabawuti osachita dzimbiri. Koma musanadule, funsani ngati kozolec imeneyo inalembedwa m'kaundula wa zinthu zakale. Ikakhala momwemo pamafunika chilolezo cha ZVKDS, bungwe la boma loteteza zinthu zakale. Anthuwo sasewera nazo: ku Šentrupert, m'chigawo chomwecho cha Dolenjska, anatsegula malo osungirako zimenezi mu 2013, zilipo 19, yakale kwambiri ndi ya 1795. Ngati kuli pafupi pitani mukaone m'mene anakhazikira miyendo, kuposa kumva za ife amene tikungoganizira.

MayiWaSowo: Denga lake ndi la chiyani? Ngati ndi mapepala otuwa okhala ndi mizere aja, akhoza kukhala asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo. Osawadula ndi girayinda, osawaponda. Jeke akangokankha mopitirira, mapepalawo amasweka.

WaMatabwa: Ndi otuwa omwewo mayi. Eee, ndiye ntchito yakula.

Mkulu_wa_Denga: Nchifukwa chake ndikuti musakweze chilichonse. Konkire mozungulira, denga osalikhudza. Mukuvutikiranji?

Levulo77: Bambo, mtengo wowola kale mukaukwirira mu konkire wachira? Ukhalabe wopendekeka, ndipo akadzapachika udzu wauwisi mphepo nkuwomba, udzathyokera pakamwa pa konkire yanuyo.

Mkulu_wa_Denga: Zanga zonse zikadali chiimire.

Phunzi_Msomali: Pepani akuluakulu kulowerera. Achimwene a WaMatabwa, kumeneko munapita bwanji? Mapepala a Trade Test amawalandira? Ndili ndi Grade 1.

MayiWaSowo: Iwe, yamba wamaliza mawindo a anthu aja.