Kodi minofu imakula pokhapokha munthu akanyamula zitsulo mpaka kulephera?

Yamikani, Ndirande

Moni nonse. Ndili ndi zaka 24, ndipo kwa miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikunyamula zitsulo pa kajimu kena ka kuseri kwa nyumba, komwe zonyamula zathu zambiri ndi simenti youmbidwa m'zitini za penti ndi magiya akale a galimoto opisidwa ku paipi. Mkulu amene amatiyang'anira amanenetsa kuti seti (maulendo angapo onyamula motsatizana osapuma) imene munthu wasiya akadali ndi mphamvu ndi yongotayitsa nthawi. Ndikagona pa benchi iye amaima kumutu kwanga n'kumakuwa kuti "ina, inanso" kufikira paipi itakanirira pachifuwa, kenako amaigwirizira ndi zala kuti ndikankhenso kawiri. Timatero pa seti iliyonse, masiku asanu pa sabata.

Miyezi itatu yoyambirira zinkayenda bwino moti malaya anayamba kundithina m'mapewa. Koma kwa masabata asanu ndi limodzi apitawa ndaima pamodzimodzi. Paipi imene tinaiyeza pa sikelo ya wogula chimanga n'kupeza kuti ndi makilogalamu 60 ndimaikankha ka 8 pa seti yoyamba, ka 5 pa yachiwiri ndi ka 3 pa yachitatu, ndipo phewa lamanja limandilasa ndikamavala malaya m'mawa. Kodi ndikulimbikira mopitirira muyeso, kapena sindikulimbikira mokwanira?

Bambo a Chisomo, Lilongwe

Achimwene, manambala mwatipatsawo ayankha kale theka la funso lanu. Kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 5 kenako 3 kukusonyeza kuti seti yoyamba ikudyeratu mphamvu za maseti otsatirawo. Pamodzi mukukankha maulendo 16, pamene mukanasiya pa 7 n'kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu, mwina mukanachita 7, 6 ndi 6, omwe ndi maulendo 19 abwinobwino opanda wokugwirirani.

Mnofu uliwonse ndi mtolo wa timitsitsi tambirimbiri, ndipo thupi silituma tonse pa ntchito nthawi imodzi. Limayamba ndi tating'ono tosatopa msanga, pomwe tikuluti, timene timakula kwambiri, timalowa ntchito katundu akalemera kapena tating'ono tija tikayamba kufooka. Dongosolo limeneli analifotokoza katswiri wina, Elwood Henneman wa ku yunivesite ya Harvard, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Pamenepa mkulu wanuyo akulondola, chifukwa seti yosiyidwa munthu akumwetulira sifika kwa timitsitsi tikuluti. Akulakwitsa poganiza kuti timayamba kugwira ntchito pa ulendo wolepherawo, pamene zoona zake n'zakuti ndi katundu wolemera ngati wanuyo timakhala titalowa kale maulendo angapo mapeto asanafike. Ulendo womaliza uja, komanso awiri okugwiriziraniwo, amawonjezera kutopa kochuluka pa phindu lochepa, ndipo kutopako mumakusenza mpaka tsiku lotsatira.

Mu 2012 akatswiri a ku McMaster University ku Canada anaphunzitsa anyamata kwa masabata 10 pa makina owongolera mwendo. Mwendo wina unkanyamula 30 peresenti ya katundu amene munthuyo angakwanitse kunyamula kamodzi kokha, wina 80 peresenti, maseti atatu mpaka kulephera, ndipo minofu inakula pafupifupi mofanana. Nkhaniyi ndi yokoma kwa ife amene zitsulo zimatiperewera, koma ili ndi mtengo wake, pakuti katundu akapepuka muyenera kufika pafupi kwambiri ndi polepherera kuti ntchito ioneke.

Ine ndikanati pa benchi, pa squat (kunyonyomala n'kudzuka chitsulo chili pamapewa) ndi pa deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka kuimirira) muzisiya mukudziwa kuti mwatsala ndi ulendo umodzi, awiri kapena atatu. Pa zazing'ono, monga kupinda mkono kuti akatumba atukuke, seti yomaliza mukhoza kuifinya mpaka mkono utakana, chifukwa kumeneko mukalephera palibe chokugwerani pakhosi.

Kondwani, Mzuzu

Bambo a Chisomo, zonse mwanenazi sindikuzitsutsa, koma malangizo osiya maulendo atatu amaonongeka akafika m'manja mwa anthu ambiri, ndipo ine ndinali m'modzi wa iwo. Kwa chaka chathunthu ndinkasiya squat pa ulendo wa 10 ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndatsala ndi awiri. Tsiku lina mnzanga anaima kumbuyo kwanga n'kundiuza kuti ndisabwezere chitsulo mpaka iye atanena, ndipo ndinafika pa 17. Chimene ndinkachitcha kutopa kwa minofu chinali kupuma movutikira ndi kutentha kwa m'ntchafu basi. Munthu amene sanalepherepo sadziwa kumene malire ake ali, choncho kulephera mwa apo ndi apo, pali wokulondera, n'kofunika kuti diso lizolowere. Chizindikiro chimene ndimadalira tsopano ndi liwiro: chitsulo chikayamba kukwera pang'onopang'ono ngakhale ndikukankha ndi mphamvu zanga zonse, ndimadziwa kuti ndalowa m'maulendo opindulitsa aja.

Vuto la a Yamikani ndi lina, ndipo ndikuona kuti mkulu wawoyo waphatikiza njira ziwiri zosayendera limodzi. Dorian Yates wa ku Birmingham, amene anapambana mpikisano waukulu wa okulitsa minofu wa Mr. Olympia kasanu ndi kamodzi motsatizana kuyambira 1992 mpaka 1997, ankafinyadi mpaka kulephera ndi kupitirira, koma akatenthetsa thupi ankachita seti imodzi yokha yotero pa mtundu uliwonse wa kanyamulidwe, masiku anayi pa sabata. Arnold Schwarzenegger ankachita maseti ochuluka kwambiri pafupifupi tsiku lililonse. Inu mwatenga ukali wa woyambayo n'kuuthira pa kuchuluka kwa wachiwiriyo. Tisaiwalenso kuti Yates yemweyo anang'ambika mnofu wa kutsogolo kwa mkono mu 1994 ndi wa kumbuyo kwake mu 1997, chaka chimene anapikisana komaliza.

Mayi a Tadala, Zomba

A Yamikani, ine ndidandaule za phewalo, popeza abambo ayankha bwino za maseti. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku limodzi kapena awiri mutanyamula n'kwachibadwa, kumatha kokha, ndipo sikuti ndi umboni wakuti minofu ikukula. Ululu wolasa pamalo amodzi m'mfundo ndi nkhani ina. Munthu akatopa pa benchi zigongono zimatambasuka ndipo mapewa amanyamuka pa thabwa, kotero maulendo okakamiza aja amagwera pa mitsempha ya phewa m'malo mwa chifuwa. Siyani kaye chilichonse chimene chikulasa kwa masabata awiri, ndipo ululuwo ukapitirira kapena ukayamba kukudzutsani usiku, pitani kuchipatala akakuoneni.

Kulimbikira kumene thupi lingapirire kumadaliranso chimene mukulibwezera. Pa munthu wofuna kukulitsa minofu, mlingo umene kafukufuku wambiri amagwirizanapo ndi pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kutanthauza magalamu 112 kwa wolemera makilogalamu 70. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6 okha, choncho popanda usipa, soya, nyemba ndi mtedza pambali pa nsima simungafikepo. Tulo tikhale ta maola 7 kapena kupitirira. Ndipo aliyense amene wadzipanikiza kwambiri n'kuona mkodzo wasanduka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, minofu itatupa ndi kupweteka koopsa, asadikire kuti kuche, chifukwa zotuluka m'minofu yoonongeka zimatha kuvulaza impso.

Yamikani, Ndirande

Zikomo kwambiri nonse. Benchi ndaisiya kaye monga mwanenera mayi, ndipo masiku ndawachepetsa kufika pa atatu, ngakhale mkulu uja akundiyang'ana ngati ndathawa nkhondo. Chatsala n'chimodzi: ndikadzabwerera, ndidziwa bwanji kuti ndikupita patsogolo, popeza zitini zathu zotsatira zimalumpha kuchoka pa 60 kufika pa 70?

Bambo a Chisomo, Lilongwe

Gulani kope, achimwene, muzilemba seti iliyonse. Pobwerera yambirani pa 50 kwa sabata imodzi kapena awiri kuti mumve phewalo, kenako mukhale pa 60 mpaka mutakwanitsa maulendo 12 pa maseti onse atatu mukadali ndi ulendo umodzi wotsala. Pokhapo mudzayese 70, mukuyembekezera kuti mudzatsikira pa maulendo 5 kapena 6. Ngati kulumphako kwakulirani, thirani mchenga m'mabotolo awiri a malita awiri, muwayeze pa sikelo ya wogula chimanga ija kuti alemere mofanana, ndipo muwamange zolimba ndi mphira mbali zonse ziwiri za paipi.