Mabuloko anga ophatikiza phulusa akufumbutuka, ndithandizeni

Woumba mabuloko, Nkhotakota: Akuluakulu moni. Simenti wadula ndiye ndinati ndiyeseko phulusa la mankhusu a mpunga, kuchigayo kuno angoti mbwee, amawotcha kungotaya. Ndinachotsa ndowa imodzi ya simenti pa zitatu nkuikapo phulusa, koma mabuloko patatha sabata ukawagwira m'kona akungofumbutuka m'manja. Ndalakwitsa pati?

Foromani, Salima: Achimwene phulusalo linali la mtundu wanji, lakuda kapena lotuwa?

Woumba mabuloko: Lakuda bii, ndinangokokola pamulu pomwe amatenthera.

Foromani: Vuto loyamba ndi limenelo. Lakuda ndiye kuti silinapse, ndi makala amenewo, amamwa madzi onse simenti nkutsala ndi ludzu. Lofunika ndi lotuwa ngati loyererako, lopsa pang'onopang'ono mpweya ukulowa bwino, ife timawotchera mu diramu loboola usiku wonse osakolezera kwambiri, kenako kusinja mumtondo nkusefa mpaka lisalale ngati ufa woyera.

Tekinishani, Blantyre: Abwana anena zoona. Mankhusu a mpunga akapsa bwino pa madigiri 500 mpaka 700 phulusa lake limakhala ndi silica wambiri (chinthu chomwe chimapezekanso mu mchenga), ameneyo ndi amene amagwirana ndi laimu wotuluka mu simenti ikanyowa. Moto ukapyola kwambiri silica uja amasanduka ngati mchenga basi, sagwira ntchito. Komanso gawo limodzi pa atatu mwachulutsa bambo, yambani ndi 10 peresenti ndipo muyeze pa sikelo osati ndowa, pa thumba la 50kg chotsani 5kg muikepo 5kg ya phulusa. Simenti yake ndi iti?

Woumba mabuloko: Yolembedwa nambala ya mphamvu 32.5 pathumba, ndi imene ndimakwanitsa.

Tekinishani: Imeneyo kufakitale anaisakaniza kale ndi zinthu zina, ndiye mukusungunula chosungunuka kale. Yeserani pa yamphamvu kuposa imeneyo, ya 42.5.

Mayi kontilakita, Zomba: Ndiwonjezereko za madzi, phulusa limachedwetsa kulimba ndiye sabata imodzi musaweruzire, muziwathirira m'mawa ndi madzulo mutawafunditsa udzu kapena pepala lakuda masiku 14 osadumphitsa, muwayese pa 28. Ndipo chonde pa bimu, pilala ndi silabu ya nyumba yosanja musayike phulusa musanatumize ma cube (timabuloko ta konkire toyesera) ku labu, mmenemo mukhala ana a anthu. Phulusa la nkhuni lakukhitchini ayi ndithu.

Woumba mabuloko: Zikomo kwambiri amayi, diramu ndili nalo, mawa ndiliboola. Ndiumba 20 okha kaye, ndidzaponya zithunzi akakwana masiku 28.