Zimene zachitika pa nkhani ya achimwene anga, mowa ndi ma ARV

Mwezi watha ndinafunsa zomwe ndingachite ndi achimwene anga amene ankadumphitsa ma ARV akamwa kachasu, poopa kuti mowa ukasakanikirana ndi mankhwalawo umasanduka poizoni. Tinapita limodzi kukaonana ndi phungu kuchipatala, ndipo anawafotokozera kuti kudumphitsa TLD (mtundu wa ma ARV) n'koopsa chifukwa kachilombo kamachulukananso, ndipo kakhoza kuyamba kusamva mankhwala.

Chimene chinandikhudza n'chakuti phunguyo sanawadzudzule. Anawafunsa mafunso 10 a AUDIT (ofufuzira mmene munthu amamwera mowa), kenako anagwirizana kuti azimwa mankhwala m'mawa asanakumane ndi anzawo akumowa, komanso kuti azichepetsa mowa pang'onopang'ono poteteza chiwindi. Sanasiyiretu mowa, koma alowa gulu la anthu okhala ndi HIV, ndipo adzayezetsanso viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) pakapita miyezi itatu.