Mwana wanga walakwa pati polumikiza ziganizo za Chingerezi?

Mayi wa ku Chilomoni

Moni nonse. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 8 ndipo mayeso a PSLCE ali pafupi. Dzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde ndi tochi ya foni n'kumaona kope lake la Chingerezi. Aphunzitsi anawapatsa ziganizo ziwiriziwiri kuti apange compound sentence. Zina zinali izi: "It was raining. We went to school." Iye analemba kuti "Although it was raining, but we went to school," ndipo anamuikira mtanda wofiira. Ine ndinaona ngati zili bwino, si mmene timalankhulira? "Ngakhale kunkagwa mvula, koma tinapitabe kusukulu." Mwanayu anagona ali ndwii, ndipo ine mtima ukundipweteka chifukwa sukulu ndinalekezera Folomu 2. Ndithandizeni chonde.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mayi, mwana wanu si mbuli ayi. Waganiza m'Chichewa, ndipo m'Chichewa "ngakhale" ndi "koma" amayendera limodzi popanda vuto. Chingerezi chimakana zimenezo, chimafuna mmodzi mwa awiriwo. Ndachonga cholakwika chimenechi zaka zonse zomwe ndinagwira choko.

Compound sentence ndi ziganizo ziwiri zoti chilichonse chikhoza kuima pachokha, chili ndi mwininkhani wake ndi mneni wake, ndiye mwazimanga ndi mlumikizi. Alumikizi ake ndi 7 okha: for, and, nor, but, or, yet, so. Ana amawaloweza potenga zilembo zoyamba, FANBOYS. Yankho lomwe aphunzitsi ankafuna ndi ili: "It was raining, but we went to school." Muoneni mpatuliro uja, timayamba talemba iyeyo kenako but, osati but kenako mpatuliro.

Akanachotsa but n'kusiya although, Chingerezi chikanakhala cholondola, koma akanalakwabe funsolo. Although, because, when ndi if amachititsa kuti mbali imodzi isathe kuima payokha. Tayesani kunena "Although it was raining" n'kukhala chete, womva adikirabe kuti mumalize. Chimenecho ndiye complex sentence, mutu wina.

Muzimufunsa kaye m'Chichewa: ziganizo ziwirizi zikugwirizana bwanji? Ngati pakulowa "ndipo", aike and. Ngati ndi "koma", but kapena yet. "Kapena" ndi or, "choncho" ndi so. Akapeza ubale wake, mawu a Chingerezi amabwera okha.

Wa ku yunivesite, Zomba

Bambo anena zoona. Ndiwonjezere chomwe chinandivutitsa ine mpaka Folomu 4: kumata ziganizo ndi mpatuliro wokha. "I was hungry, I cooked nsima." Chimenechi n'cholakwika, amachitcha comma splice. Pafunika so: "I was hungry, so I cooked nsima." Akafuna angaike semicolon (;) m'malo mwa mpatuliro ndi mlumikizi, koma wa Sitandade 8 ndingamulangize ayambe wazolowera alumikizi. Asamalenso ndi however ndi therefore, sali m'gulu la 7 lija ngakhale tanthauzo likufanana ndi but ndi so.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Eya mwanangu, wakumbutsa bwino. Palinso kena kamene mabuku sagwirizana. Ife timati "Anapita kumsika n'kugula usipa," osabwereza mwininkhani, ndipo ana amalemba "She went to the market and bought usipa." Chingerezi chake n'chabwino ndithu. Koma mabuku ena amachiwerenga ngati simple sentence chifukwa mwininkhani ndi mmodzi, pomwe ena amachilola kukhala compound. Ine ndinkauza ana anga kuti pa mayeso abwereze: "She went to the market, and she bought usipa." Pamenepo palibe wochonga angakane. Nor amavuta chifukwa amatembenuza mawu: "He did not eat, nor did he sleep." Ameneyu mumusungire kumapeto.

Mayi wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri bambo, nanunso achimwene. Ndakopera zonse papepala ndipo ndamata pachitseko cha kuchipinda kwake. Madzulo ano ndikupala moto ndinamupatsa "The pot was hot. I dropped it." Anayamba wang'ung'udza yekha kuti "choncho", kenako analemba "The pot was hot, so I dropped it." Tsopano akufunsa za for, akuti amangomudziwa wa mu "for you". Bambo, mungatipatseko chitsanzo chimodzi?