Za funso langa lija lopumula popanda mowa

Abale, paja ndinafunsa kuti munthu ukaweruka mutu uli wotentha ndi stress ungapumule bwanji osagwira botolo, nde ndati ndikuuzeni mmene zikuyendera, zikomo nonse amene munandiyankha.

Chomwe chandithandiza kwambiri ndi kuyenda wapansi ndikangoweruka, foni ili mthumba osaigwira, chifukwa nthawi imeneyoyo ndi yomwe chilakolako cha mowa chimavuta, koma ndaona kuti ukachipirira pang'ono chimatsika chokha. Kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti ndigone ndimasamba madzi ofunda, thupi likamazizira pambuyo pake tulo timabwera msanga. Zopuma pang'onopang'ono zija nazonso zimagwiradi ntchito, kukoka mpweya ukuwerenga mpaka 4, kutulutsa mpaka 6, mtima umasiya kuthamanga. Khofi madzulo ndasiya, poti theka la caffeine, chinthu cha mu khofi chomwe chimathawitsa tulo, limakhala likadali mthupi patatha maola pafupifupi 5.

Tulo nde tasinthiratu. Mowa umagonetsa msanga inde koma umadula tulo tamaloto tija, komanso munthu umadzidzimuka pakati pausiku.

Koma inu amene mumamwa kwambiri tsiku lililonse chonde musasiye mwadzidzidzi, ena amanjenjemera mpaka kukomoka, yambani mwaonana ndi dokotala.