Iwe kapena inu? Ndathedwa nzeru ndi ma subtitle a Pranayam

Womasulira wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndapatsidwa ntchito yoika ma subtitle (mawu olembedwa m'munsi mwa filimu) a Chichewa pa Pranayam, filimu ya 2011 ya m'Chimalayalam (chilankhulo cha ku Kerala, ku India), ija inapezetsa Blessy mphoto ya boma la Kerala ya dayilekitala wopambana. Kwa amene simunaione: Achutha Menon (Anupam Kher) akukumana ndi Grace (Jaya Prada), mkazi amene anasiyana naye kalekale ataberekerana mwana. Pano Grace ali pabanja ndi Mathews (Mohanlal), yemwe anafa ziwalo ndipo amayendera njinga ya olumala. Atatuwa akukhala mabwenzi muukalamba wawo, ana awo zikuwanyansa. Ndapatsidwa fayilo ya Chingerezi yokha, paliponse "you". Grace ndimulankhulitse bwanji kwa mwamuna wake wakale? Ndalemba "iwe", ndafufuta. Ndalemba "inu", zikumveka ngati akulankhula ndi mlendo pa depoti.

Mkonzi wa ku Area 25: Achimwene, musadalire Chingerezicho, chameza zonse. Valani mahedifoni mumvere mawu enieniwo. Chimalayalam chimasiyanitsa ngati ife: "nee" ndi iwe, "ningal" ndi inu, ndiye pali "thaan" wokhala pakatikati. Ikani filimuyo mu pulogalamu ya pakompyuta ya Subtitle Edit, bwezani pang'onopang'ono, mulembe mphindi iliyonse imene mwamva limodzi mwa mawu atatuwa.

Womasulira wa ku Zomba: Ndayesa usiku wonse. Pena sindikumva ndi limodzi lomwe.

Mayi wa mafilimu a pa wailesi ya kanema: Mwana wanga, kusamvekako ndiye yankho lako. Amayi achikulire a ku Kerala ambiri satchula dzina la mwamuna wawo, ndipo amazemba ndi "iwe" yemwe. Amati "chettan", akhristu ena amati "ichayan" (onsewa ali ngati kuti "achimwene aakulu"), pena amangoti bambo a uje. Ngati kwathu kuno basi. Agogo anga anakhala pabanja mpaka imvi mbuu, ine sindinawamvepo akutchula dzina la agogo aamuna. Ankangoti "inu", atagwada ndi beseni la madzi osamba m'manja, koma inu ameneyo anali wofunda kuposa iwe aliyense. Ndiye usaope "inu". Kwa nkhalamba zathu sasonyeza kutalikirana.

Mkonzi wa ku Area 25: Zoona amayi. Ine ndikanafika pomutchulitsa "bambo a Suresh", poti Suresh ndiye mwana wawo uja. Mawu amenewo kwa Mchewa akunena zonse: banja linatha, ubale sunathe.

Mayi wa mafilimu a pa wailesi ya kanema: Ndi okoma, koma apo ndikukana pang'ono. Ngati Grace sanawanene, tisamuikire m'kamwa. Mathews ali pomwepo pa njinga yake akumva. Mkazi wake akamati "bambo a Suresh" mzere uliwonse, woonera wa ku Ndirande aganiza kuti akumupsetsa mtima dala, chonsecho filimuyi ikuonetsa mwamuna wa mtima waukulu amene wamulandira mnzakeyo. Uwaike pokhapo pamene Chimalayalam chatchula za mwanayo.

DJ womasulira ndi pakamwa: Ife a m'mavidiyo sho timapulumukira mawu, ukafewetsa khosi anthu amva kuti apa pali chikondi chakale. Inu olemba mulibe mwayi umenewo. Koma chenjerani ndi "chikondi". Pranayam ndi chikondi cha mwamuna ndi mkazi, pomwe "sneham" ndi chija cha mayi ndi mwana kapena cha abwenzi. Mukalemba chikondi ponseponse muphwanya nkhani.

Womasulira wa ku Zomba: Apo mwandigwira pabala. Nanga sneham ndizitani, poti mzere sufunika kupyola zilembo 42?

Mkonzi wa ku Area 25: Tembenuzani chiganizo. "Ndimakusamalani", "muli pamtima panga", zimakwana bwinobwino. Dzina la filimu lisiyeni momwe lilili. Ndipo musanapereke ntchito, pezani munthu wochokera ku Kerala akumverereni malo ovutawo, ngakhale pa WhatsApp. Mudule tizidutswa ta masekondi khumi, musamutumizire filimu yonse, kasitomala angakudandaulireni.

Womasulira wa ku Zomba: Zikomo nonse. Ndaika "inu" pakati pa atatuwo, ndipo malo 14 amene ndikukayikira ndawalemba padera. Amuna awiriwo ndi amene atsala: pofika kumapeto Grace atamwalira, Achutha Menon akukankha njinga ya Mathews, kodi akhalebe pa "inu", kapena ndiwalole "achimwene"?

Mayi wa mafilimu a pa wailesi ya kanema: Tumiza kachidutswako ndikamvere kaye madzulo ano.