Kodi mndandanda wa PISA pa sayansi tiukhulupirire mpaka pati?

Mphunzitsi_wa_Bayoloje:

Anzanga, tandithandizani nzeru. Ndakhala ndikuyang'ana zotsatira za PISA za 2022, mayeso aja amene bungwe la OECD, la mgwirizano wa mayiko pa zachuma, limalembetsa ana a zaka 15 m'mayiko osiyanasiyana. Pa sayansi Singapore ili pamwamba ndi 561, Japan 547, Estonia 526, pomwe avereji ya mayiko a OECD ndi 485. Amene andizunguza mutu ndi a ku Finland. Mu 2006 anali patsogolo pa onse ndi 563, ndipo ife aphunzitsi tinkangomva kuti "onerani ku Finland". Mu 2022 anali pa 511. Ndiye ana awo ndiwo alowa pansi, kapena sikelo yake ndiyo yokhota?

Chandifunsitsa ndi ichi. Sabata yatha ndinayesa kalasi yanga funso langati la PISA. Ndinajambula pabolodi mbewu ziwiri m'zitini, ina padzuwa, ina m'kabati, n'kufunsa kuti: tikafuna kutsimikiza kuti kuwala ndiko kwasiyanitsa kakulidwe kake, n'chiyani chiyenera kufanana? Mtsikana amene amalakatula tanthauzo la photosynthesis (mmene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala) osaphonya ndi liwu limodzi lomwe anangoti kakasi. Anayankha ndi mnyamata wa kumbuyo, amene pa mayeso amagwira mchira: "Madzi, dothi ndi chitini zikhale zofanana, aphunzitsi." Mpaka lero sindikudziwa kuti pa awiriwa wodziwa sayansi ndi uti.

WaMasamu:

Aphunzitsi, za Finlandzo sikelo musainamizire. Muyezo wa sayansi anaukhazikitsa mu 2006 momwemo, ndipo mafunso ena amawabwereza mwadala kuti zaka zizitha kuyerekezedwa. Kutsikako n'kwenikweni.

Pofunika kuchenjera ndi poyerekeza dziko ndi dziko. PISA imayesa ana okhawo amene ali pasukulu. Kumene ana ambiri a zaka 15 anasiya kale sukulu, otsalawo ndi osefedwa, ndiye nambala imaoneka bwino kuposa mmene zinthu zilili. Komanso onani za China: mu 2018 anapeza 590 pa sayansi, manyuzipepala n'kumati "China yapambana". Koma analemba ndi ana a ku Beijing, Shanghai, Jiangsu ndi Zhejiang basi, madera olemera. Singapore nayo ndi mzinda umodzi. Kuiika pa mzere umodzi ndi Brazil kapena Indonesia, dziko la zilumba zambirimbiri, n'kuyerekeza ndowa ndi nyanja.

MayiWaAnaAtatu:

Ine si wa manambala, koma mtsikanayo musamuweruze msanga, aphunzitsi. Mwina funso lotere anali asanakumanepo nalo. Mwana amayankha mmene anazolowera kufunsidwa.

LabuYakale:

Mayi anena zoona, ndipo n'chifukwa chake pali mayeso a mitundu iwiri. TIMSS, ya bungwe lofufuza za maphunziro la IEA, inayamba mu 1995 ndipo imachitika zaka zinayi zilizonse. Imafunsa zimene zili mu silabasi, kwa ana a giredi 4 ndi giredi 8. PISA silabasi ilibe nayo ntchito, imafuna mwana awerenge girafu, aone ngati umboni ukugwirizana ndi zimene wina akunena. Mtsikana wanuyo pa TIMSS akhoza kuwala. Koma tisadzitonthoze kwambiri: Singapore, Japan ndi South Korea amachita bwino konsekonse, ndiye nkhani yoti ana a ku Asia amangoloweza ine ndinaitaya kale.

Mphunzitsi_wa_Bayoloje:

Zikomo nonse. A WaMasamu, za madera anayi a ku China zija ndinali ndisanazimvepo, ndipo manyazi andigwira chifukwa nambala ya 590 ndinaitchulapo pamsonkhano wa aphunzitsi. Mayi, mawu anu ndawamva. Lolemba ndibweretsa zitini zenizeni ndi dothi, awiri aja ndiwaika pagulu limodzi, mbewu adzale okha.